Theka Lina la Nkhope

Ntchito yanga ndi yonamiza maso, ndipo sindichita nayo manyazi. Ndili ndi kashopu pa boma la Dowa, kuseri kwa msika, momwe ndimakonza zithunzi pa kompyuta. Munthu akabwera ndi chithunzi chimene anajambulitsa ataima pafupi ndi khola la nkhumba, ndimachotsa kholalo n'kuikapo nyumba yosanja. Wopanda suti ndimamuveka suti. Mkwatibwi wa ziphuphu ndimamusalaza mpaka mwamuna wake yemwe amadabwa. Za maliro ndi za ziliza ndiye sizisowa: mitambo kumbuyo, kuwala kotsika kumwamba ngati dzuwa loboola denga la udzu, nkhunda ziwiri m'makona, m'mbali mozimirira pang'onopang'ono. A kumishoni amakonda kuti ndiwaikirenso kolona m'munsi. Palibe anandiphunzitsa. Nditamaliza Fomu 4 n'kusowa kolowera, ndinakhalira kompyuta ya munthu wina mpaka zala zinazolowera.

Ndili ndi mtima wapachala, anthu a pa boma amadziwa. Wina anandiuzapo kuti mtundu wa buluu ndaulakwitsa, kalendala yake anakaitolera panja. Akazi anga, amene amakhala kutsogolo kwa shopu kulandira anthu ndi kumata zithunzi m'pulasitiki, amati ndikanakhala dokotala odwala akanamafera pamzere poopa kunena pamene pakuwawa.

Mayi amene ndikufuna kunena za iwo anafika Lolemba lina mu Julayi, nkhungu itakuta mapiri, aliyense manja ali m'khwapa. Anali atamanga duku lakuda. Anagwada pakhomo, ine n'kuwauza kuti adzuke, muno si m'tchalitchi. Atangoyankhula ndinadziwa kuti ndi a kummwera. Anati iwo ndi amuna awo anachokera ku Phalombe zaka zingapo zapitazo kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina cha ku Nachisaka. Amunawo anamwalira mu Febuluwale, fodya ali pakati pothyola, mvula itadula misewu. Anawaika komweko, pa manda a alendo.

"Amayi awo sanabwere," anatero. "Ndi okalamba. Sanaone nkhope."

Sanafunike kuonjezera. Tonse timadziwa kuti bokosi lisanatsekedwe, abale amadutsa mmodzimmodzi kuona nkhope. Mayi wobala akapanda kudutsa pamenepo, maliro kwa iye sakhala kuti achitika. Amangoti mwana ali kuntchito, akuchedwa kulemba. Apongozi awowo anawatumizira mawu pa foni ya munthu wa pamudzi: pobwera undibweretsere nkhope ya mwana wanga, za kusudzula tidzakamba nditamuona. Tsono fodya anali atagulitsidwa, matenanti akumanga akatundu, ndipo lole yowatengera kwawo inali yonyamuka Loweruka m'mawa.

Anatulutsa buku la nyimbo, m'bukumo munali pepala la shuga, m'pepalamo kachithunzi kakang'ono konga ka pa chiphaso. China analibe. Mbali ya kumanja ya nkhope inalipo: diso lofatsa, tsaya, khutu, theka la mlomo. Mbali ya kumanzere kunali pepala loyera basi, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Zotere ndaona zambiri. M'zisakasa za pa esiteti denga limadontha, chiswe sichigona. Ndinakaika pa galasi la makina okopera, kanalowa mu kompyuta, ndinawabwezera kawo.

"Bwerani Lachitatu."

"Bambo, ndimati ndifotokoze pang'ono za..."

"Mayi, ntchito iyi sindinayambe dzulo. Lachitatu."

Pa ntchito yathu pali njira imene aliyense wogwira mausi amaidziwa. Timati nkhope ili ndi mbali ziwiri zofanana, ndiye ikasowa imodzi umabwereka kwa inzake. Umadula theka labwinolo, n'kulikopera, n'kulitembenuza monga amachitira kalilole, n'kulikankha pang'onopang'ono mpaka mphuno ikumane ndi mphuno. Msoko wa pakati umaufufuta ndi burashi yofewa. Kenako umakonza mthunzi, chifukwa ukapanda kutero munthu amaoneka ngati ali ndi dzuwa mbali zonse ziwiri. Chilichonse chimakhala pa tsamba lakelake, masamba osanjikana ooneka mkati ngati magalasi: nkhope apa, suti pansi pake, mitambo ndi nkhunda pansi penipeni. Ndinathera Lachiwiri lonse pa munthu ameneyu. Magetsi anazima kawiri, ndinawatukwana kawiri. Koma pomaliza anatuluka bambo wooneka bwino, wosalala, woti ukamuona ungati ndi mphunzitsi wamkulu. Ndinanyada naye. Ndinamusindikiza pa pepala lonyezimira, akazi anga anamumata.

Lachitatu mayi aja anafika masana, atayenda wapansi gawo lalikulu la njira. M'shopu munali anthu atatu odikira makadi a ukwati, pulinta ikutafuna mapepala. Ndinawapatsira chithunzicho ndi dzanja limodzi, lina ndikulimbana ndi pulinta. Anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinacheuka.

"Chili bwanji?"

"Ndi chokongola, bambo."

"Ndiye basi."

Sanasunthe. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa. Kenako anayankhula motsitsa mawu, ngati akuulula tchimo lawo.

"Koma si iwowa."

Mutu unanditentha pomwepo. Zimene ndinanena ndimazikumbukira bwino, ndipo ndizilemba mmene zinalili. Ndinati mwandibweretsera theka la munthu, ine ndakupatsani munthu wathunthu, mukufunanso chiyani? Ndinati diso limenelo ndi lawo, khutu ndi lawo, sindinakabe nkhope ya munthu kumsika. Ndinati ngati mukudziwa kuposa ine, mpando uwu, khalanipo. Odikira makadi aja anayang'ana pansi. Mayiwo anagwadanso.

"Pepani, bambo. Ndalakwitsa kuyankhula. Zikomo kwambiri."

Anachikulunga mu nsalu n'kutuluka. Akazi anga anawatsatira. Ndinawaona pa windo ataima pansi pa mtengo wa pafupi ndi chigayo, akuyankhulana. Anatenga nthawi. Akazi anga atabwerera anadikira mpaka anthu a makadi atapita.

"Bambo, munawafunsa?"

"Kuwafunsa chiyani?"

"Chimene chinali mbali imene kulibeyo."

"Kumakhala chiyani kunkhope? Mchira?"

"Amuna awo anagwera pamoto ali mwana. Tsaya lonse la kumanzere linali chipsera. Khutu linapsa n'kukhala kachidutswa. Mlomo unakokeka. Inu mwawapatsa munthu amene sanabadwe."

Ndinati bwanji sananene. Akazi anga anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana amene wafunsa komwe kwapita shuga ali naye pakamwa, n'kubwerera pa makina awo omatira.

Lachinayi ndinadzuka ndikadali wokwiya, koma osadziwa amene ndamukwiyira. Ndinatsegula kachithunzi koyamba kaja pa kompyuta, ndinakulitsa mbali yoyerayo mpaka inadzaza sikirini. Chiswe chikadya chimasiya tinjira tokhotakhota. Madzi amasiya banga la m'mbali mofiirira. Apa panali mizere yowongoka, yonse yotsikira mbali imodzi, yolekezera bwinobwino pa mphuno. Munthu anapala ndi lezala, ndipo anapala mosamala. Ndikanaziona Lolemba lomwe lija, ndikanakhala kuti ndinayang'ana. Diso langa linathamangira kumene kunali nkhope, kumene kunalibe ndinati n'kopanda ntchito.

Lachisanu m'mawa ndinatchaja laputopu mpaka kudzaza, ndinaiika m'chikwama, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Njira ya ku Nachisaka nthawi imeneyo ndi fumbi ndi miyala, kukwera ndi kutsika, mapiri a ku Ntchisi akuoneka patsogolo ngati sukuwayandikira. Pa esitetipo ndinapeza zisakasa zina zitaphwasulidwa kale. Mapoto, mphasa, nkhuku zomangidwa miyendo, zonse zili pabwalo. Zigafa, momwe amayanikamo fodya, zinali zopanda kanthu, kungotsala masamba ochepa ong'ambika akulendewera pa mikangala.

Mayi aja anandiona ali pa mtondo. Anaima, musi uli m'manja. Ndikuganiza kuti ankayesa ndabwera kudzapitiriza kuwakalipira.

"Ndinalakwa Lachitatu," ndinatero, maso ali pa mtondo. Zambiri sindikanatha. "Ndabwera ndi makina. Mundiuze inu, ine ndizingogwira."

Anandiyalira mphasa mu chigafa, chifukwa padzuwa sikirini siioneka. Anaitana mkulu wina wa imvi, tenanti mnzawo wochokera dera limodzi ndi malemu, amene analima nawo moyandikana zaka zonsezo. Ena anabwera okha, amayi ndi abambo, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinawauza kuti batire ili ndi maola awiri, aliyense asayankhule zopanda pake.

Nditatsegula chithunzi changa chosalala chija, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, ameneyu ndi bwana wa kubanki. Ameneyu akanatipatsa moni ife?"

Ndinayamba ndi khutu. Ndinalichepetsa, iwo akuti chepetsaninso. Ndinalichepetsanso.

"Ayi, pamenepo mwapanga la mbuzi," anatero mkuluyo. "Linali lopindikira mkati, ngati bowa wouma. Kapitawo akayamba kukalipa, mnzangayu ankangomutembenuzira limenelo. Amvekere, yankhulani bwana, ofesi ya madandaulo ndi ino."

Anthu anaseka, mayiwo nawo anamwetulira pang'ono. Kenako mlomo. Pali kachida kena mu pulogalamu kamene kamakankha chithunzi ngati dothi lonyowa la mbiya. Ndinagwira nako ngodya ya mlomo n'kuikokera kutsaya.

"M'mwamba pang'ono," anatero mayiwo. Aka kanali koyamba kundiuza chochita. "Ankaoneka ngati akufuna kuseka, ngakhale atakwiya. Apo. Bwererani pang'ono. Apo."

Nsidze anati inalekera pakati. Ndinaifufuta theka. Diso anati linali locheperapo, chikope chokokeka pansi. Ndinalikonza.

Ndili pakati pa zimenezi ndinafunsa chimene chinkandivuta. "Anapala kachithunzi kaja ndi ndani?"

"Eni ake," anatero mayiwo. "Tsiku lomwe anakakatenga. Anakhala pakhonde ndi lezala. Nditawafunsa anati mbali iyi ndimaidziwa kale, sindifunika kuikumbutsidwa."

Ndinachotsa dzanja pa mausi. "Ndiye ife tikubwezeranji chimene mwini wake anachotsa?"

Mayiwo anayankha osafulumira.

"Iwo apita, bambo. Chithunzichi si chawo, ndi cha amayi awo. Amayi awo ndi amene anawavuula pamoto, ali ndi zaka zitatu. Tsaya limenelo analitsuka ndi manja awo mpaka linapola. Ndikakawapatsa wosalalayu, akati ndabweretsa mwamuna wina, mwana wawo ndamusiya kuti."

Ndinabwezera dzanja pa mausi.

Chipsera chenichenicho ndicho chinandigonjetsa. Ndinapaka ndi burashi mtundu woderapo, chinaoneka ngati matope. Ndinapaka woyererapo, chinaoneka ngati ufa. Ndinayesa timadontho, anati ayi, sizinali nthomba. Batire inali itadutsa theka. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati pali mmodzi mwa iwo amene anamuyang'anapo munthuyu bwinobwino. Ndinaluma mlomo.

"Fotokozani," ndinatero. "Chinali chotani mukachigwira?"

Mayiwo anayang'ana manja awo. Mkuluyo anadzuka, anayang'anayang'ana m'mwamba, anathothola tsamba limodzi la fodya louma pa mkangala. Analitambasula pa bondo lake mosamala kuti lisaphwanyike.

"Chinali chonchi. Chokwinyika, koma chonyezimira. Timitsempha tikuyenda chotere, kuchoka ku khutu kupita kukamwa."

Ndinaliyang'ana tsambalo. Ndinatuluka nalo panja, ndinaliika pa chitenje cha mayi wina, ndinalijambula pa foni, ndinalitumiza mu laputopu. Ndinalidula molingana ndi tsaya, ndinalitembenuza kuti mitsempha yake iloze kumene mkuluyo ananena, ndinaliyala pamwamba pa nkhope. Poyamba linali tsamba basi, lomatidwa pa munthu, ndipo wina kumbuyo anati malemu asanduka ndudu. Kenako ndinayamba kulichepetsa mphamvu, kuti khungu la pansi lizionekera. Umakoka kachizindikiro pang'onopang'ono, tsamba limazimirira, khungu limatuluka, ndipo penapake pakati pamakhala malo amene ziwirizo zimasanduka chinthu chimodzi. Malo amenewo ine sindikanawadziwa. Ndinkangokoka.

"Siyani pamenepo," anatero mayiwo.

Ndinasiya.

Anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu, ndipo kulira kunayambira mkati mwa nsaluyo, kotsika, kenako kunakwera. Amayi ena anakhala pansi pomwe anaima n'kulandira kulirako. Abambo anavula zipewa. Unali mfuu weniweni wa maliro, masana dzuwa likuswa mtengo, pa esiteti pamene anthu akumanga akatundu. Ine ndinali pakati, laputopu ili pamiyendo, osadziwa koika maso. Pa sikirini panali munthu amene sindinamuonepo, wa mlomo wokokeka, akundiyang'ana ngati akufuna kuseka. Kachizindikiro ka batire kanali katafiira. Ndinasunga ntchitoyo kawiri.

Kulira kutatsika, ndinafunsa ngati ndichotse suti, popeza nayonso inali bodza langa.

"Isiyeni," anatero mkuluyo, akupukuta m'maso ndi chipewa. "Moyo wake wonse wavala malaya onunkha fodya. Apite kwa amayi ake atatchena."

Mayiwo anavomera ndi mutu. "Nkhunda zokha chotsani."

"Eya, chotsani," anatero mkuluyo. "Ameneyu ndi legeni sankaphonya. Sizifika ku Phalombe zimenezo."

Ndinazichotsa, laputopu n'kuzima.

Ndinafika pa boma dzuwa likupendeka, ndinapeza magetsi alipo. Pulinta sinavute. Akazi anga anachiyang'ana chithunzicho asanachimate, nthawi yaitali ndithu.

Loweruka m'mawa ndinakaima pamsewu, pamene lole za kumapiri zimadutsa popita ku Lilongwe. Kunkazizira mpaka mano kuwawa. Lole inafika itadzaza anthu, njinga, matumba, mbuzi imodzi pamwamba. Woyendetsa sanafune kuima, ndinachita kulowa pakati pa msewu, tinatukwanizana pang'ono. Mayi aja anali kumbuyo, pakati pa matumba. Ndinawapatsira envelopu ndi manja awiri, nditaima pa tayala. Anasuzumiramo, anatseka, anailowetsa m'kati mwa bulauzi. Anabweza dzanja ali ndi chithunzi choyamba chija, chosalala.

"Ichi tengani, bambo. Ndingasokoneze nacho anthu."

Lole inanyamuka ndisanayankhe.

Panadutsa milungu ngati itatu. Tsiku lina m'mawa, ndikudula chithunzi cha ana a kwaya kuti ndiwaimike kutsogolo kwa tchalitchi chimene sichinamangidwe, foni inalira, nambala yachilendo. Anali mayi aja. Anapereka moni mwachangu, monga amachitira munthu wa foni yobwereka, n'kunena kuti apongozi awo akufuna andilankhule. Ndinamva foni ikusinthana manja, tambala akulira chapatali, kenako mawu a munthu wokalamba, okweza, a munthu wosazolowera kuyankhula ndi kabokosi.

"Ndinu mwajambula mwana wanga?"

"Ndine, amayi."

"Khutu mwalisiya lalikulu."

Ndinasamutsira foni ku khutu lina.

"Mukundimva? Ndati khutu mwalisiya lalikulu. Moto unadya kuposa pamenepo. Ndinalipo ine."

"Ndamva, amayi. Pepani."

"Awa anamudziwa atakula, tsitsi likubisa. Ine ndinamudziwa ali wometa." Anapuma, ndinamva akukoka mpweya. "Koma ndamuona. Tinamuika pa mpando pakhonde, mudzi wonse wadutsa. Tamulira dzulo. Mkazi wakeyu timusudzula mawa, azipita kwawo, wavutika mokwana."

Ndinafuna kufunsa kuti khutulo linali lotani kwenikweni, kuti ndikonze ndiwatumizire china. Foni inaduka ndisanayambe. Ndinaimbanso, sinalowe.

Ndinasiya ana a kwaya aja, ndinatsegula nkhope ya malemu. Ndinagwira khutu n'kuyamba kulichepetsa. Ndinachepetsa pang'ono, ndinaonjezera pang'ono, ndinaima. M'shopu munali ine ndekha ndi akazi anga, ndipo panalibe wondiuza polekera. Ndinalibweza mmene linalili, ndinatseka.